Chala Sichiduka Chokha

Pamalo ochekera matabwa pali mphindi ina imene mlendo angaiyese ya mtendere. Phokoso la macheka lija lazilala, chipika chaima pakati pa ulendo wake, ndipo utuchi umene umauluka wayamba kutera pansi. Ochekawo amaidziwa mphindi imeneyi mwa mtundu wina. Makina akaima ndiye kuti china chake chalakwika: khungwa lakanirira pakati pa mpeni ndi thabwa, utuchi wadzaza kunsi, lamba waterereka pa gudumu, kapena mano a macheka abuntha. Tsono wina ayenera kuchotsa chotchinga, kugwada, ndi kupisa dzanja pamalo pamene tsiku lonse wakhala akuuzidwa kuti asayandikirepo. Pa mphindi yomweyi ndi pamene zala, ndipo nthawi zina mkono wathunthu, zimatsalira m'utuchi.

Chotsatira chake n'chodziwika. Wovulalayo amakulungidwa dzanja ndi malaya ake omwe, amakwezedwa pa lole ya matabwa, ndipo madzulo kapitawo amalemba mzere umodzi m'kaundula, ngati kaundulayo alipo n'komwe: anavulala chifukwa cha kusasamala. Mzere umenewu ndi bodza, ngakhale pamene wolembayo akuukhulupirira ndi mtima wonse. Munthu wokonza macheka amavulala chifukwa makina amene anayenera kukhala atazimiratu anali asanazime, ndipo mphamvu yonena kuti makina azime, akhale chizimire kwa nthawi yakuti, siinakhalepo m'manja mwa munthu wogwada m'utuchi.

Bodza limeneli limathandizidwa ndi chinenero chomwe. Mwana aliyense wa sekondale anaphunzira kusiyanitsa msintho wochitidwa ndi msintho wochitika. Ponena kuti mbale inaswedwa, womvera angafunse kuti inaswedwa ndi yani. Ponena kuti mbale inasweka, funsolo latsekeredwa kunja, ndipo mwana amene waswa mbale amadziwa bwino mneni woti asankhe. Akatswiri a zinenero Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango anafotokoza kusiyana kumeneku m'Chichewa m'chaka cha 1996, nasonyeza kuti msintho wochitika sulola wochita kutchulidwa. Tsono n'koyenera kumvetsera mmene nkhani za kumacheka zimakambidwira. Chala chinaduka. Lamba anaduka. Mnyamata uja anavulala. Palibe wonena kuti anavulazidwa, pakuti mawu amenewo amafuna dzina la munthu patsogolo pake. Ngakhale liwu lakuti ngozi lili ndi ulesi womwewo: m'Chichewa ngozi ndi tsoka lopanda mwini, longogwa ngati mphezi. Kutsidya kwa Zambezi, m'Chishona, liwu lomweli limatanthauza mzimu wa munthu wophedwa mosalakwa, umene sugona mpaka banja lolakwalo litalipira. Eni macheka a ku Mutare ndi a ku Mzimba akadasinthana matanthauzo kwa chaka chimodzi chokha, akaundula ambiri akadalembedwa mwa njira ina.

Koma mlandu sungathere pa galamala. Pofunika kuona chimene chimachitika m'kati mwa makinawo. Macheka a lamba, amene ndi chitsulo chopyapyala cha mano chozungulira pa magudumu awiri olemera, saima nthawi yomwe azimitsidwa. Magudumuwo amapitiriza kuzungulira ndi liwiro lawo lomwe, mwakachetechete, ndipo m'chisakasa cha mdima ndi fumbi, munthu amene makutu ake agontha ndi phokoso la tsiku lonse sangadziwe msanga ngati mano aima kapena ayi. Macheka ozungulira nawonso amatero. Lambayo amakhala atakokedwa mwamphamvu kwambiri, moti akaduka pa mng'alu umene unayambira pakati pa mano, amakwapula chilichonse chili pafupi. Ngolo yonyamula chipika ikhoza kutsetsereka yokha ngati siinatsekerezedwe. Zonyamulira zoyendera mphamvu ya mafuta opanikizidwa zimasunga mphamvuyo ngakhale mota itazima, ndipo zikhoza kutsika pa munthu amene walowa kunsi kwake. Wonola macheka, amene m'mafakitale akuluakulu amatchedwa dokotala wa macheka, ali ndi mdani winanso wosaoneka: nsonga zolimba za mano a macheka amakono zimakhala ndi chitsulo cha cobalt, ndipo fumbi lake limawononga mapapo pang'onopang'ono, popanda magazi oti aliyense aone.

Zonsezi zimadziwika kwa wopanga makina aliyense, ndipo zinalembedwa m'kabuku kamene kamabwera ndi makinawo. Kabukuko kamakhala m'Chingerezi, kapena m'chinenero cha dziko lakutali kumene makinawo anagulidwa atagwirapo kale ntchito, ndipo kawirikawiri kamatsala m'kabati ya bwana. Mnyamata wolankhula Chitumbuka, Chichewa kapena Chindau amaphunzira makinawo poyang'ana mnzake amene anayamba chaka chatha.

Pali msampha wina umene ndi wa chigawo chino makamaka. M'maiko amene magetsi sathimathima, makina akaima mwadzidzidzi anthu amadabwa. Kuno palibe amene amadabwa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko la Malawi linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo linakhala mumdima wa maola ambiri tsiku lililonse kwa nthawi yoposa chaka. Zambia ndi Zimbabwe zinaona zomwezo madzi atachepa ku Kariba mu 2024, ndipo South Africa inazolowera kugawana magetsi kuyambira 2007. Magetsi akathima pa fakitale ya matabwa, kapitawo safuna kuona anthu atakhala pansi. Imeneyo ndiyo nthawi yosesa utuchi kunsi kwa macheka, yopaka girizi, yokunga malamba. Swichi ija yatsala chiyakire, pakuti palibe anaizimitsa. Makina anangoima okha. Magetsi akabwera sagogoda. Alipo maswichi amene amadzizimitsa okha magetsi akathima, osalolanso makina kuyamba mpaka munthu atadina batani, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi makina amene amateteza. Pamene swichi yotere inapsa n'kulumikizidwa mwachidule ndi waya kuti ntchito isaime, amene analamula zimenezo sanali mnyamata wosesa utuchi. Kunkhalango, kumene macheka onyamulika amayendera injini ya dizilo kapena petulo, msamphawo umangosintha maonekedwe: injini imasiyidwa ikulira pokonza mpeni, chifukwa batire ndi yofooka ndipo kuilizanso ndi ntchito ina.

Mankhwala a vutoli ndi akale ndiponso otsika mtengo mochititsa manyazi. Munthu asanapise dzanja m'makina, magetsi amazimitsidwa pa gwero pake, pa swichi yaikuluyo pamakhomedwa loko, ndipo kiyi wa lokoyo amakhala m'thumba la wokonzayo, osati la kapitawo. Akakhala okonza atatu, maloko amakhala atatu. Kenaka amadikira kuti magudumu aimiretu, amatsekereza zonse zimene zingatsetsereke, ndi kuyesa kuyatsa makinawo kuti atsimikize kuti sakuyaka. Ku United States njira imeneyi inasanduka lamulo m'chaka cha 1989, ndipo bungwe la boma loona za chitetezo pantchito kumeneko, OSHA, limawerengera kuti kuitsata kumapulumutsa miyoyo pafupifupi 120 ndi kupewetsa kuvulala 50,000 chaka chilichonse. Ku Ulaya, kumene ziwerengero zimasungidwa mosamala, bungwe la European Union loona nkhani zomwezi linalengeza mu 2010 kuti mwa imfa 100 zilizonse zochitikira pantchito, 10 mpaka 15 zimakhudzana ndi kukonza ndi kusamalira makina ndi nyumba. Ngati zili choncho kumene makina ndi atsopano ndipo oyendera mafakitale ali ndi galimoto, sipafunika mneneri kuti anene mmene zilili pa macheka okalamba a m'mphepete mwa msewu wa fumbi.

Loko amagulitsidwa mu hadiweya iliyonse ya ku Mzuzu. Chimene mwini macheka safuna kugula ndi nthawi. Kuzimitsa moyenera, kudikira, kukhoma, kuyesa, kukonza ndi kuyatsanso kumadya mphindi zingapo, ndipo macheka obuntha kapena odyetsedwa zipika zamatope amakanirira kambirimbiri pa tsiku. Tsono malipiro amakonzedwa mwanzeru: gulu la ocheka limalipidwa potengera matabwa amene latulutsa. Mphindi iliyonse imene macheka aima yachotsedwa pa mbale ya nsima ya anthu asanu kapena khumi. Mwini macheka safunikanso kulamula aliyense kuti apise dzanja m'makina akuzungulira. Anzake omwe adzamuyang'ana ndi diso lakuti fulumira, ndipo iye, podziwa kuti kunja kwa mpanda kuli anyamata ena ofuna ganyu yomweyo, adzafulumira. Akatero maulendo 200 osavulala amatchedwa katswiri. Ulendo wa 201 amatchedwa wosasamala.

Chiphunzitso cha kusasamalachi chili ndi kholo lake. Mu 1931 Herbert William Heinrich, amene ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi ku America, anafalitsa buku limene linanena kuti ngozi 88 mwa 100 zilizonse za m'mafakitale zimadza chifukwa cha zochita zolakwika za antchito. Chiwerengerocho chinatsutsidwa kalekale, mwa zina chifukwa chinachokera m'malipoti olembedwa ndi akapitawo ndi mabwana, anthu amene analibe chifukwa chodzilembera mlandu okha. Komabe chikadali ndi moyo m'misonkhano ya chitetezo, kumene antchito amalalikidwa za kusamala, napatsidwa zipewa zolimba, jombo ndi magolovesi, kamera ikujambula. Chipewa ndi jombo zili ndi ntchito yake. Koma golovesi pafupi ndi mano ozungulira ndi nyambo: dzino limodzi likakola nsaluyo, limakoka dzanja lonse. Mwambi umene mabwana amaukonda ndi uja wakuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mphezi ilibe swichi. Macheka ali nayo, ndipo ilipo nkhope ya munthu amene amasunga kiyi wa chipinda chake.

Malamulo alipo, ndipo si oipa. Lamulo la Malawi la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito linaika pa olemba ntchito udindo wotchinga mbali zoopsa za makina, wophunzitsa antchito ndi wodziwitsa boma za ngozi zikuluzikulu. South Africa inakhazikitsa lake mu 1993, Zambia mu 2010. Pangano la nambala 155 la bungwe la ILO, la m'chaka cha 1981, limanena kuti wantchito amene wachoka pamalo chifukwa choona kuti moyo wake uli pa chiswe asalangidwe; South Africa ndi Zimbabwe zinalivomereza mu 2003, Zambia mu 2013, Malawi mu 2019. Ufulu umenewu ndi wokongola papepala. Waganyu amene dzina lake silili m'buku lililonse la malipiro sachotsedwa ntchito akakana kulowa kunsi kwa macheka. Amangouzidwa kuti mawa kulibe ganyu.

Pamene lamulo likuonetsa mtima wake weniweni ndi pa chipepeso. Lamulo la Malawi la chipepeso cha antchito la m'chaka cha 2000 linaika mtengo wa munthu motere: wolumala kotheratu alandire malipiro a miyezi 54, banja la womwalira lilandire a miyezi 42, ndipo wotaya chiwalo alandire gawo la miyezi 54 ija molingana ndi mlingo umene kuvulalako kwayesedwa. Masamu ake ndi osavuta. Kuvulala kumene kwayesedwa kuti ndi magawo 10 pa 100 kumalipiridwa malipiro a miyezi isanu ndi masabata osakwana awiri, kamodzi kokha, pa dzanja limene likadagwira ntchito zaka zina 30. Popeza chipepeso chimachokera pa malipiro, yemwe amalipira antchito ake mochepa amagulanso zala zawo motchipa. Lamulo lomwelo linalonjeza thumba limene olemba ntchito onse azisonkhamo, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake thumbalo linangokhala m'mawu, ndipo wovulala amayembekezera ndalama kuchokera m'thumba la bwana yemweyo amene ali ndi chifukwa chonse chokanira kuti ngozi inachitika. Zambia ndi Zimbabwe zili ndi mabungwe a boma osonkhetsa ndi kulipira chipepeso, chimene ndi chanzeru, koma nawonso amaona okhawo amene analembetsedwa.

Malo amene nkhaniyi imaonekera poyera ndi Chikangawa. Nkhalango ya paini ya pa mapiri a Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inakuzidwa kwambiri kuyambira 1964 kuti idzadyetse fakitale yopanga zipangizo za mapepala imene siinamangidwe. Mitengo inakula, fakitale osabwera. Mu 1999 mahekitala 20,000 anaperekedwa kwa kampani ya Raiply, ndipo m'zaka zotsatira mbali yotsalayo inadzaza ndi ocheka ang'onoang'ono okhala ndi macheka onyamulika, ogona m'misasa, malole akutuluka usana ndi usiku kupita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja kwa dziko. Pofika zaka za m'ma 2010 mapiri ambiri anali atameteka mpala chifukwa cha kudula kosabzala ndi moto wolusa. Dziko linalira, ndipo linayenera kulira. Anawerengedwa mahekitala otentha, ndalama za msonkho zosaperekedwa, ziphaso zogawidwa mwachinyengo. Mitengo inapeza oiyankhulira m'nyumba ya malamulo ndi m'nyuzipepala. Manja amene anacheka nkhalango yonseyo sanaikidwe pa sikelo imodzi ndi mitengo, ndipo anthu ake anabalalika kubwerera kumidzi, aliyense ndi chilema chake.

Kubalalikako ndiko kumateteza olakwa. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, boma linaimitsa nthawi yomweyo kulemba anthu opita ku Joni. Mitembo inali yambiri pa tsiku limodzi, ndipo mkwiyo unali ndi poyambira. Zala zimapita chimodzichimodzi, m'zisakasa zotalikirana, kwa anthu osadziwana. Wina wa ku Chimanimani, wina wa pafupi ndi Kitwe, wina wa ku Sabie, wina wa ku Dedza: onse anagwada kunsi kwa makina a mtundu umodzi pa chifukwa chimodzi, koma aliyense anauzidwa kuti linali tsoka lake.

Ndipo chala chikachoka, chachoka. Kuchilumikizanso n'kotheka, koma kumafuna dokotala wosoka mitsempha yaing'ono pansi pa galasi lokulitsa, kumafuna kuti chiwalocho chisungidwe pozizira, ndi kuti wovulalayo afike m'maola ochepa. M'zipatala za m'maboma a Malawi ntchito ya mafupa yakhala pa mapewa a makiliniko ofesala ophunzitsidwa za mafupa, pa ndondomeko imene inayamba mu 1985. Anthu amenewa apulumutsa miyendo ndi miyoyo yosawerengeka, koma chimene angachite ndi dzanja lotafunidwa ndi macheka, lodzaza utuchi ndi girizi, lofika usiku pa lole, ndi kulitsuka, kudula chimene chafa ndi kutseka bala. Mlimi wopanda chala chachikulu sagwira bwino khasu. Tsono bala la ku macheka limatsata munthu mpaka kumunda, ndipo amene amalipira chipepeso chenicheni ndi mkazi wake, amene tsopano amalima yekha.

Otsutsa ali ndi mayankho awiri, ndipo onse ali ndi kachoonadi. Loyamba ndi lakuti antchito ena amachitadi zopusa: amabwera ataledzera, amachotsa okha zotchinga, amachita matama. Izi zimachitika. Koma loko anapangidwira munthu weniweni, wotopa, woiwala, amene mwana wake wagona ndi malungo. Makina amene ndi otetezeka pokhapokha aliyense atakhala wangwiro tsiku lililonse ndi makina osatetezeka. Ndiponso chotchinga chimene chachotsedwa Lolemba n'kukhala chili pansi mpaka Loweruka chinaonedwa ndi kapitawo masiku asanu, ndipo iye anasangalala ndi matabwa owonjezerawo.

Lachiwiri ndi lakuti wocheka wamng'ono ndi mmphawi mnzawo, amene anatenga ngongole kuti agule macheka amodzi, ndipo kumuumiriza malamulo a ku Ulaya n'kupha ntchito zochepa zomwe zilipo. Yankho limeneli likadamveka ngati chofunidwacho chikadakhala makina atsopano a mamiliyoni. Chofunidwa ndi loko, swichi yosayaka yokha, batire yabwino, macheka osinthira onoledwa kale kuti asamakanirire, ndi malipiro osalanga munthu chifukwa chodikira gudumu kuti liime. Amene ali ndi ndalama zogulira dizilo wa tsiku ndi tsiku ndi kulipira lole yopita ku Lilongwe sangalumbire kuti zimenezi zamukanika. Umphawi wa mwini macheka umatchulidwa nthawi zonse. Umphawi umene wovulala akulowamo, iye ndi ana ake, sutchulidwa. Komanso matabwawo sathera m'manja mwa amphawi. Amakafolera nyumba za ku Area 47 ndi Namiwawa, amakhala madesiki ogulidwa ndi boma ndi mabungwe othandiza. Boma limene limapereka chiphaso chodula mitengo likhoza kuika loko ndi kaundula wa ovulala pakati pa zofunika za chiphasocho, ndi kuchilanda kwa wonyozera, monga limachitira ndi wosalipira msonkho.

Anthu a m'mayunivesite nawo asadzichotse pa mlanduwu. Ophunzira za nkhalango amayeza kukula kwa paini, a zachuma amawerengera matabwa otumizidwa kunja, a zamalamulo amasanthula ndime za malamulo, a zinenero amakangana za kalembedwe ka mawu. Kaundula wa zipatala zozungulira nkhalango, amene angasonyeze manja angati anafika kuchokera ku macheka, pa ola lanji, makina akucheka kapena akukonzedwa, ndi ntchito imene wophunzira mmodzi wa digiri yachiwiri angaigwire m'chaka chimodzi. Kumasulira njira yozimitsira makina m'Chichewa, Chitumbuka, Chibemba ndi Chishona, m'mawu amene ocheka amagwiritsadi ntchito, ndi ntchito ya masabata ochepa kwa likulu la zinenero lililonse la m'chigawo chino. Fomu yolembapo ngozi nayo ikufunika mlembi wina. M'malo mwa mpata waukulu wofotokozera mmene munthu anavulalira, umene umadzazidwa ndi liwu limodzi lija, fomuyo izifunsa zinthu zoti n'kuyankhidwa ndi dzina kapena nambala: makina anali ozimitsidwa pa gwero kapena ayi, loko analipo, kiyi anali ndi yani, swichi inalumikizidwa liti mwachidule ndipo analamula ndani, gululo limalipidwa pa tsiku kapena pa thabwa, macheka ananoledwa liti komaliza.

Wovulala uja akatuluka m'chipatala, ngati bwana wake ndi wachifundo, amapatsidwa ntchito ya ulonda pa chipata cha fakitale yomweyo, pa malipiro otsika, ndipo amathokoza. Ndiye amene amatsekulira anyamata atsopano m'mawa. Iwo amaliona dzanja lake, naphunzira phunziro limene kapitawo amafuna kuti aphunzire, lakuti mkuluyu sanasamale. Kenaka amalowa m'chisakasa, kumene swichi yaikulu ili kuseri kwa khoma, pamalo pamene woiyatsa saona amene wagwada kunsi kwa macheka.